Mwana m'Dengu la Tiyi

Kumalaini a pa esiteti,
Kufupi ndi Luchenza,
Thyolo.
11 Malichi 1997

Okondedwa achimwene a Zakeyu,

Landirani moni wochuluka kuposa masamba a tiyi a esiteti yonse ino. Ndine Elson, mng'ono wanu yemwe uja. Musadabwe ndi zilembo zokongolazi, ndalemba ndekha, pajatu Sitandade 4 yanga ija imaposa Folomu 4 ya ana a masiku ano. Ine ndili bwino kwambiri, moti udzudzu ukandiluma ndi umene umakadwala malungo. Kaya inu ku Kasungu ndi fodya wanuyo? Ndikumva kuti dzuwa lakumeneko lakuphikani mpaka mwatsala mano okha kuyera.

Kuno mvula yagwa bwino, tiyi waphuka ngati wapenga. Ine ndikalowa mu mzere akapitawo amachita kundichonderera kuti ndisiyireko anzanga. Tsiku lina sikelo inakana dengu langa, akalaliki anafuna kuitana thirakitala. M'mawa chifunga chimaphimba minda moti mnzako sumuona, koma ine ndimathyola ndi fungo lokha.

Komatu sindinamate sitampa kuti ndikuuzeni za tiyi. Kumalaini kuno kwagwa chikuku, achimwene, ndipo chalowa m'nyumba ya mlongo wathu Rhoda. Mwana wake Suwi wadwala. Ndikufuna mubwere, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake mwadongosolo, musandidule mawu monga mumachitira.

Mukudziwa kuti alamu athu a Fabiano, amuna a Rhoda, analowa mpingo uja wopemphera pansi pa mabulugamu, wokana mankhwala. Tsopano mpingowo wakula, watenga pafupifupi laini yonse yakumunsi. Mwezi wa Januwale kunabwera galimoto ya katemera ndi chimkuzamawu chake. Azimayi a mpingowo atangomva, anasonkhanitsa ana awo onse n'kukawabisa mu ngalande ya pakati pa munda wakumtunda uja. Popeza kunali kamvula, anawafunditsa chipulasitiki chimodzi chija timayalapo masamba poyembekeza sikelo. Ana mbwee pansi pake, kupumirana mpweya kuyambira m'mawa mpaka galimoto itapita.

Ine ndinali kuthyola chapafupi pomwepo. Ndinangomva chitsamba chikutsokomola. Ndinati, "Amayi inu, kodi mwayamba kufungatira ana ngati mazira? Aswa liti?" Anaseka onse, Rhoda anaseka, inenso ndinaseka n'kupitiriza mzere wanga.

Amene ankatsokomolayo anali mwana wa mayi wina dzina lake Lestina. Iyeyu ndi mwamuna wake anachokera ku Milange, ku Mozambiki, mvula itangoyamba, kudzagwira ganyu yothyola monga amachitira ambiri nyengo ino. Lestina sanali wa mpingowo ayi. Anandiuza yekha pambuyo pake kuti katemerayo ankamufuna, chifukwa kwawo chipatala chinawotchedwa nthawi ya nkhondo ndipo mpaka lero pamera udzu, mwana wake sanaonepo singano. Koma wina anamuuza pa mpope kuti a katemera amafunsa khadi, ndipo wopanda khadi amamukweza lole n'kukamutaya pa malire ku Muloza. Ataona azimayi akuthawa ndi ana, nayenso anabereka wake n'kuwatsata.

Sipanapite nthawi, ana anayamba kugwa mmodzimmodzi. Thupi moto, maso ofiira, chifuwa, kenaka tizilonda kuyambira kuseri kwa makutu mpaka kumapazi. Woyamba kutisiya anali wa Lestina yemweyo. Kalipentala wa pa esiteti tsopano akuphwasula mabokosi akale a tiyi, akuti matabwa ake ndi okwanira bwino pa msinkhu umenewu. Ine amene ndimadziwika kuti pa maliro ndimakumba ndekha anzanga akusuta, masiku ano ndikukumba osatuluka ngakhale thukuta, chifukwa manda ake ndi aafupi.

Anthu atatopa ndi kulira anafuna womuloza chala. Anapita pakhomo pa Lestina ndi miyala, akuti obwera atibweretsera matenda. Ine ndinaima pachitseko. Ndinati, "Inu akuluakulu, kodi makolo anu anabwera pa ndege kuchokera ku Mangalande? Si onse anaoloka Ruo yemweyu ndi mphasa pamutu? Mayiyu akayankhula Chilomwe mumamva ndi ndani, si inu nomwe?" Gulu lonselo ndinalibalalitsa ndekha, achimwene. Chabwino, mvula inandithandizako pang'ono. Koma m'mawa mwake Lestina ndi mwamuna wake anamanga katundu, anabwerera kwawo wapansi, mwana anamusiya kuno m'manda pansi pa mabulugamu. Iwo anapita, chikuku chinatsala.

Suwi atadwala ndinapita kwa alamu. Ndinavala jekete lija munandisiyira, kuti ndioneke munthu. Ndinapeza azimayi a mpingo adzaza m'nyumba, akuimba mosinthana, mwana ali pakati pawo pamphasa, mazenera otseka.

Ndinati, "Alamu, mwanayu tipite naye ku kiliniki."

Iwo anati, "Alamu, m'nyumba muno dokotala ndi mmodzi, ali kumwamba."

Ndinati, "Ameneyo ndimamulemekeza, koma ali ndi anyamata ake pansi pano, ena avala zoyera ali pa kiliniki apo. Ndipo musaiwale kuti ana awa ndi mbumba yathu. Ine ndikuyankhula ngati mwini mbumba."

Anandiyang'ana kuyambira ku jekete mpaka kumapazi. Anati, "Mwini mbumba ali ku Kasungu. Inu ndinu oseketsa anthu pa sikelo. Komanso kuno si kumudzi kwanu ku Goliati kumene ndingakhale mkamwini wogwada. Nyumba ino ndi ya kampani, inapatsidwa kwa ine."

Achimwene, ine amene ndimagonjetsa akapitawo ndinangotuluka ndi jekete lanulo. Ndipo ndisawanamizire alamu, si munthu woipa mtima. Inu mukukumbuka mwana wawo woyamba uja anamwalira kuchipatala atangomubaya jakisoni. Mpaka lero iwo amati chinamupha ndi singano, osati malungo. Akusala kudya, aonda ngati phesi, akachoka ku fakitale amagwada pambali pa Suwi mpaka mawondo atupa. Mwanayo amamukonda. Kungoti chikondi chawocho chatseka chitseko.

Mtima wanga unali pa Tione, kamng'ono kake ka Suwi kaja munakasiya kali m'mimba. Tsopano kayamba kuimirira kogwira khoma, kali ndi mano awiri ngati mbewa. Tsiku la chipulasitiki kanali kumsana kwa amake, kunja kwa chipulasitikicho, ndiye kanapulumuka, koma kanali kugona m'nyumba imodzi ndi wodwala. Ndinamupeza Rhoda pa mpope. Anati, "Achimwene, ine ndingatani? Ndikatsutsa bambo ake a Suwi ndilowera kuti? Akanakhala kuti anena ndi achimwene aakulu, bwenzi ndili ndi poimira."

Apa ndiye mumvetsetse bwino. Pakamwa panga panayankha pasanandifunse. Ndinati, "Iwe, anena kale! Dzulo ndakumana ndi dalaivala wa lole wochokera ku Kasungu pa siteji ku Luchenza. A Zakeyu alamula kuti ana onse a Rhoda apite kuchipatala, wotsutsa akaonana nawo."

Rhoda anandiyang'ana nthawi yaitali, ndowa ikusefukira. Mlongo wathu uja mabodza anga amawadziwa kuyambira tili osavala. Kenaka anati, "Ngati anena achimwene aakulu, ine ndine yani?"

M'mawa mwake, azimayi ali pakati pa nyimbo, Rhoda anandipatsira Tione pa zenera lakuseri. Ndinamuika m'dengu langa, pansi chitenje, pamwamba masamba a tiyi, n'kubereka. Mmene anthu amabisira ana kuthawa singano, ine ndinabisa mwana kuthamangira singano. Suwi sindikanatha, anali pakati pa mpingo wonse.

Ndiye tsoka ilo, pa mlatho ndinakumana ndi alamu akuchokera ku fakitale. Anati, "Alamu, sikelo ili uko, inu mukulowera kuti ndi dengu?" Ndinati, "Tiyi uyu ndi wapadera, akukamwa a manijala okha." Pomwepo dengu linayamba kudandaula. Ndinayambitsa nyimbo ya kwaya mokuwa moti akhwangwala anathawa m'mitengo, n'kumavina ndikuyenda. Alamu anangopukusa mutu, anati, "Mowa wa m'mawa udzakuphani." Chibadwire sindinasangalalepo chotere ponamiziridwa uchidakwa.

Pa kiliniki anesi ake ndi mayi wa ku Rumphi, Chichewa chake chokhotakhota koma manja ake achangu. Ataona mwana akutuluka m'masamba anati, "Bambo, kodi mwathyola kuti ameneyu?" Anamubaya, anamufinyira kadontho ka mafuta m'kamwa, n'kunena kuti, "Mwachedwa naye, koma mwina." Kenaka anafunsa za wodwala uja. Nditawafotokozera mmene maso a Suwi akuonekera, kuseka konse kunatha. Anati mwanayo abwere lero, osati mawa. Madzulo ake anapita okha mpaka pakhomo, ndi nsapato zawo zoyera m'matope athu aja. Alamu anawapatsa mpando panja, anawapempherera, n'kuwaperekeza mpaka pa msewu. Chitseko sanatsegule.

Kubwera kwa anesi ndiko kunaulula zonse. Alamu anamuvula Tione malaya n'kupeza pamene panalowa singano. Rhoda sanabise, anati, "Alamula ndi achimwene a Zakeyu." Alamu sanamumenye. Anangomutulutsira mtolo wake, akuti mwana wobayidwa sangagone m'nyumba ya mapemphero. Panopa Rhoda ndi Tione ali kwa ine, Suwi watsala komweko. Mayi ali laini ino, mwana wake wodwala ali laini iyo, pakati pali ngalande yokha, koma ngati pali nyanja.

Mawu amene alamu ananena pamaso pa anthu ndi awa, ndikulemba monga anatulukira: "A Zakeyu ndinawagwadira popempha banja, ndiwo ankhoswe, sindingawatsutse pa mbumba yawo. Ngati analamuladi, abwere adzanene ndi pakamwa pawo ine ndikumva. Akatero Suwi mumutenge, tchimolo likhale pamutu pawo. Koma ngati ndi nkhani za Elson, mwana wanga sachoka pamphasa iyi."

Mwaona tsono, achimwene. Kalata sakufuna, akuti Elson angalembe yekha, ndipo pamenepo sanalakwe. Akufuna nkhope yanu.

Ndikudziwa kuti inu ndi bodza simudyera mbale imodzi. Msana wanga ukukumbukabe. Ndikudziwanso kuti ino ndi nyengo yothyola ndi kusoka fodya, ndipo bwana wanu sakonda tenanti woyendayenda. Koma taganizani: mukanakhala kuno, mukanalamula china chosiyana ndi chimene ndinanena ine? Mawuwo ndi anu ndithu, ine ndinangowafulumizitsa. Mukatsika basi pa Luchenza musayambe mwapita kwa alamu, muyambe mwafika kwanga tigwirizane dzina la dalaivala uja, chifukwa ine ndatchula kale awiri osiyana. Mukafuna kundikalipira mudzandikalipire pambuyo, ndidzakubweretserani ndekha ndodo, ndidzasankha yabwino.

Tione thupi lafunda pang'ono kuyambira dzana. Anesi akuti katemera amatero nthawi zina. Ine ndikumusuzumira kuseri kwa makutu pafupipafupi moti akandiona akumabisa mutu m'khwapa mwa amake. Mpaka pamene ndikulemba pano sipanatuluke kanthu.

Mlamu wanu Enid akupereka moni, akuti mubweretse mtedza wa ku Kasungu ngati ulipo, koma ukasowa mubwere chimanjamanja, musachedwe chifukwa cha mtedza. Rhoda akupereka moni. Mupereke moni kwa alamu anga kumeneko ndi ana onse, ndipo ngati sanabayitse apite nawo mawa, ili ndi lamulo la mwini mbumba wamng'ono.

Suwi nayenso akupereka moni. Masana azimayi aja akatuluka kukaphika, ndimapita kuseri kwa nyumba n'kukankha zenera pang'ono. Tizilonda tayamba kufota, chifuwa chachepa, akudya phala. Amandizindikira ndisanayankhule, akuti ndimanunkha tiyi. Diso lakumanzere layera ngati mwagwera dontho la mkaka. Lakumanja likadali lakuda, ndipo ndi limene anesi akuti mwina, tikafulumira.

Dzulo dzuwa lili pamutu, kunja kuli ngwee, anandifunsa kuti, "Amalume, kodi chifunga cha lero sichikuchoka bwanji?" Ine ndinamuuza kuti chifunga chimenechi ndi chachikulu chimene sichinaonekepo chilengedwere dziko, chaphimba Thyolo yense, Limbe, mpaka ku Kasungu, moti mabasi akuyenda chofufuza ndi ndodo, ndipo n'chifukwa chake amalume aakulu akuchedwa. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndikuuzeni kuti muziyenda bwino, mungagwe m'ngalande, ndipo mukafika mudzayankhule mokweza kuti adzadziwe pamene mwaima.

Fulumirani, achimwene, chifungachi chisanatseke mbali inayo.

Ndine mng'ono wanu,
Elson