Mzere wa Makala Pakhoma

Nathenje, Lamulungu masana, kwatsala masiku awiri kuti tikavote.

Amayi, kodi kumene muliko mwaswera bwanji? Kuno tadzuka, kungoti mutu wanga sukugwira. Mukanakhalapo ndikanangopalasa njinga mpaka ku Mitundu, n'kukhala pakhonde panu kufikira mutandiuza chochita.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, amake Tadala, anachira mu Julaye, mwana wamkazi. Tinamupatsa dzina lanu. Kulitchula ndimachita manyazi, ndiye ndimangoti "Amayi aang'ono," ndipo Tadala akamva amathamangira panja kuyesa kuti agogo ake abwera. Mphumi ndi yanu yeniyeni. Nyumba yanu ili bwino, kupatula denga la khitchini lomwe likufunika udzu mvula isanagwe. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa tiwiri, kamodzi agalu anagwira.

Pamunda uja anandipatsa akuchikazi kuno tinakolola matumba khumi ndi atatu. Zanu zija sindinaiwale. Munkalemba mzere ndi khala pankhokwe n'kunena kuti, "Chapamwamba n'cha msika, chapansi n'cha mimba. Wodutsa apa ndi wakuba, ngakhale akhale mwini chimanga." Ine nkhokwe ndilibe, masiku ano amaba, ndiye ndinasanja matumba kuchipinda n'kulemba mzere pakhoma. Asanu ndi atatu pansi, asanu pamwamba.

Asanu aja ndinakagulitsa pamsika wa Mitundu mu Juni. Tsiku limenelo ndalamayo inkakwana matumba awiri a feteleza, ndipo awiriwo ndi amene munda wanga umafuna. Ndinafika mpaka pakhomo pa sitolo. Koma a Malume, achimwene anu, anandigwira mkono. "Mphwanga, chaka cha mavoti sagula feteleza msanga. Dzina lako ndalipereka, ulandira wotsika mtengo wa boma." Kufika kuno, alamu anga a Yohane, a njinga yamoto aja, akuti, "Alamu, musagule. Awa akupita, obwerawo atsitsa zonse." Anthu awiri amene sagwirizana ngakhale pa mtengo wa nkhuku, onse akuti dikira. Ndinadikira.

Amayi, ndalama ija ndinaitsekera m'chitini. Sindinatapepo ngakhale ya sopo, pa uchembere ndinachita kukaumba njerwa kwa anthu. Lachisanu ndapita kusitolo, akuti imeneyi ndi ya thumba limodzi. Ndinawerenganso pamaso pawo, mapepala ndi omwe aja, palibe losowa. Kodi ndalama imaonda bwanji ili m'chitini chotseka?

Dzulo a Malume anabwera kudzaona mwana, n'kupezana ndi a Yohane pabwalo. Madzi akumwa asanafike, yayambika.

"Madala, ine ndagona masiku awiri pamzere wa petulo, ngati ndikudikira wodwala," akutero a Yohane. "Boma lanuli lalephera."

"Iwe mwana, boma ndi limene linaitana namondwe? Ndi limene linatseka mvula? Kunja kuli nkhondo, zinthu zakwera dziko lonse lapansi."

"Namondweyo anakokolola ndi shuga yemwe?"

"Nanga amene ukuwafunawo ndi alendo? Tinawaona kale. Nthawi yawo unkakwera minibasi yaulere?"

A Yohane akuti vuto ndi foreksi. Ndinafunsa kuti chimenecho n'chiyani, akuti ndalama zakunja zasowa. Ine chibadwire sindinagwirepo ndalama yakunja, nanga kusowa kwake kwalowa bwanji m'chitini mwanga? Onse anandiseka. Chondisokoneza n'chakuti a Malume akamayankhula ndimaona kuti akunena zoona, pakuti ng'amba ija tinaiona tonse. A Yohane akayamba, nawonso akunena zoona, pakuti mchere ndimagula ndine. Pawayilesi ndi chimodzimodzi, aliyense ali ndi manambala ake, ndipo ine sukulu munaidziwa pamene ndinalekera.

Kenako anatembenukira kwa ine. A Yohane akuti ndigulitse matumba atatu apansi pa mzere, ndigule feteleza wachiwiri lero lomwe, chimanga ndidzagula chotchipa mu Febuluwale anthu awo akalowa. A Malume akuti ndisagule ngakhale limodzilo, ndingovota bwino, dzina lituluka. Ndinawafunsa kuti, "Nanga likapanda kutuluka ngati chaka chatha?" Anayamba kusewera ndi mwana.

Popita a Malume anandisiyira buku lanu la nyimbo. M'kati ndapezamo kapepala kanu kovotera, ka tsiku lija tinakalembetsa limodzi pasukulu ya kwathu, inu mukutsokomola kale koma mukukana kuti ndikukwezeni panjinga. Ndakayang'ana nthawi yaitali. Mukanachonga pati, Amayi? Simunatiuzepo ngakhale kamodzi. Zitenje za zipani munkalandira zonse, china mukusefera ufa, china mukufunditsa mbatata, wina akafunsa munkangoti, "Ndavotera amene ndamuvotera, iwe wapalira?"

Lero pochokera kutchalitchi ndinaganiza zomvera a Yohane. Ndinaona kuti munda wa thumba limodzi sungatidyetse chaka chamawa. Ndinalowa kuchipinda ndi chisanza chonyowa ndi khala, kuti ndifufute mzere ndiulembe m'munsi. Ndinati ndikautsitsa ndekha ndiye kuti sindinaudutse. Ndili pakati pofufuta, mpongozi wanu analowa, mwana ali kubere.

"Eya, bambo a Tadala, mwakumbukira," akutero. "Ndimati mwaiwala."

Ndinati, "Chiyani?"

"Si Amayi ankati mwana akabadwa mzere ukwere? Uyu pofika Januwale akhala akudya phala. Inenso ndikudyera awiri."

Amayi, ndinaima ndi khala m'manja ngati mwandipeza ndikuba ndiwo mumphika. Zoona munkatero. Tadala atabadwa munakweza nokha pankhokwe panu, ngakhale iye ankakhala kuno, mukuti adzabwera kudzadya. Ine ndinawerenga anthu atatu mu Meyi, wachinayi ali m'mimba, ndipo miyezi yonseyi ndakhala ndikuwerenga za apulezidenti. Sindinamuuze mpongozi wanu chimene ndinalowera. Ndinangokweza dzanja n'kulemba pamwamba.

Ndiye zili chonchi. Mawa m'mamawa ndikukagula thumba limodzi lija lisanathawenso. Ndilisakaniza ndi ndowe za mbuzi, phulusa ndi gaga monga anationetsera alangizi, kumene lithere ndibzala soya. A Yohane anena kuti ndine wamantha, a Malume adandaula kuti sindiwakhulupirira. Kaya ndikulakwitsanso, sindikudziwa. Mwina dzina lidzatulukadi, mwina zinthu zidzatsikadi, ine n'kukhala chitsiru kachiwiri.

Lachiwiri ndibwera ku Mitundu kudzavota, poti ndi kumene ndinalembetsa. Pochonga sindinapadziwebe. Ndikuyesa kuganiza kuti ndani angachititse kuti ndalama ikagona m'chitini idzuke ili yomweyo, koma onse akulumbira kuti ndi iwowo. Ndikatuluka ndidzadutsa kumanda kudzazula udzu, ndipo inunso sindidzakuuzani amene ndamuvotera.

Lonjezo langa ndi ili: matumba asanu ndi atatu aja sapita kumsika, awine awa kapena awo. Pakali pano mzere uli pamwamba, chimanga chili pansi, pakati pakuoneka khoma. Mpata wake ndi wa thumba limodzi, la Amayi aang'ono. Njerwa zikadalipo zoumba, ndidzaligula n'kuliika mvula isanagwe.

Ndine mwana wanu wokusowani tsiku lililonse,
Limbani