Amayi asadulenso piritsi

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kakhanda kako kaja kanasiya kutsokomola? Ine kuno ndilipo, kungoti msana wayamba kundivuta chifukwa choima tsiku lonse.

Kalatayi ndaiika pansi pa bokosi la mankhwala a amayi, ndipo adalaivala a lole amene amatitengera katundu ndawauza kuti apereke m'manja mwako, osati mwa munthu wina. Uwerenge uli wekha. Pafoni sindikanatha kunena izi, poti foni yako ikangolira amayi amakhala atafika kale pambali pako.

Ntchito ndi yomwe ija, m'nyumba yosungiramo mankhwala. Anandichotsa kolongedza, tsopano ndine womata mitengo. Anandipatsa kamakina kogwira m'manja, ndimayenda nako m'mashelefu kumata timapepala ta mtengo watsopano pamwamba pa takale. Mapiritsi a mtima amene amayi amamwa ndawamata katatu chaka chino chokha, ndi dzanja langa lomweli. Ukalandira bokosilo upale pakona ndi chikhadabo, upeza timapepala titatu tosanjikizana. Kale ndinkagula n'kutsala ndi ya sopo ndi ya basi. Lero bokosi limodzi likudya theka la malipiro anga, ndipo kuntchito ndikupita wapansi.

Mwezi watha unandiuza kuti miyendo ya amayi yatupanso mpaka nsapato zikukana, akugona chokhala, ndipo kuchoka pakhomo kufika pampopi akumapuma kawiri. Ndinapsa mtima. Ndinaganiza kuti mwina andigulitsa mankhwala achinyengo, mwakuti ndinapita kwa mayi wina amene anaphunzira za mankhwala amene amatiyang'anira kuno. Anaona nambala za pabokosi n'kunena kuti mankhwalawo ndi enieni. Kenako anandifunsa ngati wodwalayo amamwa piritsi lathunthu m'mawa uliwonse. Ine ndi matama anga ndinayankha kuti amayi anga saphonya ngakhale tsiku limodzi.

Sabata yatha ndinaimbira amuna ako za nkhani ina. M'kucheza anayamba kuyamikira apongozi awo kuti ali ndi mtima wabwino. Akuti m'mawa uliwonse amayi amaika piritsi pambale, amalidula pakati ndi lezala, theka amamwa iwo, theka lina amapatsa Amake Mapasa oyandikana nafe aja. Akuti zayenda choncho miyezi itatu. Alamuwo ankangonena mosangalala.

Iwe unkadziwa, ndipo unandibisira. Usakane, ndimakudziwa. Kuyambira uli mwana ukabisa kanthu umalankhula zambiri za nyengo, ndipo miyezi itatu imeneyi wandiuza za mvula mpaka ndatopa nayo. Ndinakukwiyira masiku awiri athunthu, chakudya osalowa. Panopa mkwiyo watha, chatsala ndi mantha.

Usaganize kuti ndaiwala kuti Amake Mapasa ndi ndani. Abambo atamwalira anagona kwathu mwezi wathunthu, pamphasa, pafupi ndi amayi. Iwe wemwe unayamwa bere lawo nthawi imene amayi anagonekedwa m'chipatala. Ndikudziwanso kuti adokotala anawalembera pepala lofanana ndi la amayi, koma iwo alibe mwana kutauni. Mmodzi wa mapasa aja tinamuika, winayo alibe mwayi wa ntchito. Ndiye amayi athu, mmene timawadziwira, akanameza bwanji piritsi mnzawo akupumira m'mwamba kuseri kwa mpanda? Sindikuwaimba mlandu. Nanenso mwina ndikanatenga lezala.

Ndinabwereranso kwa mayi wa mankhwala uja, nthawi ino matama atathera panjira, n'kumufotokozera zonse. Ndinamufunsa ngati theka silingathandizeko pang'ono aliyense. Anandiyankha kuti:

"Achemwali, pa matenda amenewa theka silokwanira aliyense. Madzi apitiriza kudzaza m'chifuwa mwa onse awiri. Mukapitiriza chonchi mutaya awiri."

Usati sindinayesere. Lolemba ndinagogoda muofesi mwa abwana, chinthu chimene sindinachitepo zaka zonsezi. Ndinawapempha kuti azindigulitsa mabokosi awiri pamtengo umene iwo amagulira, kapena andipatse amene atsala pang'ono kutha masiku. Anandimvetsera bwinobwino, anandipatsanso mpando. Koma anati mtengo saika iwo, umachokera kwa opanga mankhwala kutsidya la nyanja, ndipo akachitira ine ndiye kuti mawa antchito onse adzafola pakhomo pawo ndi mapepala a amayi awo. Za otsala pang'ono kutha masikuwo anati malamulo salola. Ndinathokoza n'kutuluka. Mpaka lero sindikudziwa kuti ndinkathokoza chiyani.

Lachisanu lake ananditumiza kuchipinda chakumbuyo kumene timaunjika mankhwala otha masiku. Ntchito yake ndi kulemba mtanda wofiira pabokosi lililonse, galimoto yokawotcha isanabwere. Mng'ono wanga, pamuluwo panali mapiritsi a amayi omwewa, makatoni awiri odzaza. Anakhala pashelefu mpaka kutha masiku chifukwa anthu anawalephera mtengo. Ndinalemba mitanda yonse misozi ikugwera pamakatoni. Sindikubisira, maganizo akuba anandibwerera. Koma pageti alonda amatisecha mpaka m'duku, ndipo mnzanga wina anachotsedwa ntchito chaka chatha chifukwa cha kabotolo kamodzi ka mwana wake. Ine akandichotsa, ngakhale bokosi limodzili silidzabweranso.

Masiku ano pa wailesi ya kuntchito akukangana za nkhani yomweyi, yakuti kodi boma liziika malire pa mitengo ya mankhwala opulumutsa moyo kapena ayi. Nthawi ya nkhomaliro timamvetsera tonse. Abwana akuti boma likangotero, oitanitsa mankhwala asiya, mashelefu akhala mbee, ndipo ife tomwe tikhala oyamba kuuzidwa kuti tizipita. Mwina akunena zoona, ine sukulu yanga ndi yochepa, ndipo ntchitoyi ndikuiopera. Koma kwa Amake Mapasa shelefuyo inakhala mbee kalekale, ngakhale ili yodzaza mpaka kudenga.

Ine maganizo anga ndi akuti boma lilowererepo, ndipo ndinanena mokweza mpaka anzanga kunditsina. Mafuta a galimoto akakwera munthu amatsika n'kuyenda wapansi ngati ine. Nanga wodwala mtima atsike apite kuti? Wogulitsa akudziwa kuti sungakane, ungogulitsa mbuzi, kenako malata, mpaka utatha. Pamalo otero payenera kukhala wina wamphamvu wonena kuti apa pokha musapitirire. Akuluakulu a pa wailesiwo anamaliza ndi kunena kuti nkhaniyi adzaikambirana bwino chaka chamawa. Miyendo ya amayi sidikira chaka chamawa.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi loipa. Bokosi ili lisakalowe m'nyumba mwa amayi. Ulisunge kwako, m'sutikesi yokhoma, kiyi uzimangirira m'chiuno. M'mawa uliwonse uzitenga piritsi limodzi ndi kapu ya madzi, uzipita wekha, osatuma munthu. Uziima pomwepo mpaka ameze, ndipo uziwatsegulitsa pakamwa, chifukwa ndikuwadziwa, akhoza kubisa kunsi kwa lilime. Malezala onse uwachotse m'nyumbamo.

Adzakunyoza. Adzanena kuti anabereka ana ouma mtima, mwina adzakana kumwa tsiku loyamba ndi lachiwiri. Usagonje, ndipo usalire pamaso pawo. Uwauze kuti lamuloli ndi langa, iwe wangotumidwa. Ngati akufuna wotukwana andiimbire, ndidzaimika ntchito n'kumvetsera mpaka atatopa.

Amake Mapasa akadzabwera m'mawa monga azolowera, usawanamize kuti mankhwala atha kapena sanafike. Ndi munthu wamkulu, anatilera, bodza silikuwayenera. Uwakhazike pampando, uwauze kuti piritsi ndi limodzi, ndipo mwana wa mnzawo amene ali kutauni wasankha amake. Pepala lawo la adokotala unditumizire ndi adalaivala omwewa, ndipitiriza kugogoda m'maofesi ndi m'mipingo. Koma usawalonjeze kanthu, chifukwa kumene ndagogoda kale konse andibweza chimanjamanja.

Ndikudziwa chimene ndikukusenzetsa. Ine ndili kutali, ndikungolemba. Iwe ndi amene uzimva chifuwa chawo kuseri kwa mpanda, ndipo ndiwe uzikumana nawo pampopi. Undikhululukire.

Upereke moni kwa alamu, ndipo usawakalipire, pakamwa pawo pamasuka koma patithandiza. Moni kwa atsibweni ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Amayi uwauze kuti ndimawakonda, ngakhale sabata ino sadzakhulupirira.

Kwa Amake Mapasa usapereke moni wanga, ndilibe nkhope yowafunsira kuti adzuka bwanji. Koma tsiku limene zidzavute kuseri kwa mpandako undiimbire nthawi yomweyo, usadzandibisirenso. Ndidzabwera, ndidzakhala nawo pamphasa pafupi ndi amayi, ndipo anthu akadzafunsa kuti zinayenda bwanji ndidzayankha ndine.

Tsala bwino, mng'ono wanga.

Ndine,
Mkulu wako