Ndinaluka Majuzi M'malo Molemba

Mwana wanga wokondedwa,

Landira moni wanga ndi manja awiri. Uli bwanji ndi mtolo wakowo? Miyendo ija idakatupabe? Nanga amuna ako, chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno thupi lili bwino, kungoti masitepe a kuhositelo amandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri.

Udabwa kuti amayi alemberanji kalata pomwe timalankhulana pafoni Lamlungu lililonse. Pafoni pakamwa panga pamathamanga kuposa mtima. Ukangofunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji, ndimayankha kuti ikuyenda, ndisanaganize n'komwe.

Zoona zake ndi izi: pa 10 sindibwera monga ndinakulonjeza. Tsiku lako lochira lindipeza ndili kuno.

Khala pansi, utambasule miyendo, ndikufotokozere.

Kuti munthu amalize maphunziro athuwa, amayenera kulemba kafukufuku wa masamba makumi asanu. Wanga ndi wa mmene ana a kalasi yachiwiri amaphunzirira kuwerenga. Ndinasonkhanitsa makope makumi anayi a ana a pasukulu yoyandikana ndi koleji, ndi mayankho a aphunzitsi awo. Zonsezo ndinazilongedza bwinobwino m'katoni ya sopo, n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Anatipatsa miyezi isanu. Katoniyo yagona kumeneko miyezi isanu yonse.

Usaganize kuti ndinkangogona. Ndinkadzuka m'mawa nditamanga chitenje cha mtima, n'kutsegula kompyuta ija anandipatsa amuna ako. Tsamba loyera linkandiyang'ana, inenso n'kumaliyang'ana. Kenako ndinkaona kuti mawindo ada. Makatani a m'chipinda chathu ndawachapa katatu, pomwe si ntchito yanga. Atsikana a m'hositelo muno amanditcha Amayi, ndiye uyu batani lathothoka, uyo chibwenzi chamusiya, winayo m'mimba mukumupota. Onsewo ndinkawalandira mokondwa, chifukwa aliyense ankandipulumutsa ku tsamba lija. Dzuwa likapendeka ndinkati lero lapita kale, tiyamba mawa ndi mutu wozizira.

Kenako unanditumizira chithunzi cha kuchipatala chija, mwana akuoneka ngati kanyemba kopindika. Tsiku lomwelo ndinakagula ulusi. M'phukusi limene labwera ndi kalatayi upezamo majuzi atatu, zipewa ziwiri, timasokosi ndi shawelo yachikasu. Usandiyamikire kwambiri. Umenewo ndiye kafukufuku wanga.

Ndikamaluka ndinkakhala ndili nawe. Ndinkakuona uli pakhonde panu, dzanja lili m'chiuno, ukukalipira amuna ako chifukwa cha nsapato zosiya pakhomo. Ndinkamva ngati ndikukusisita msana. Ndikaika singano pansi, ndinkapezeka ndili m'kachipinda ka mabedi awiri, kutali ndi aliyense wodziwa dzina langa laubwana.

Milungu iwiri yapitayo mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanga anandiitanitsa ku ofesi yake. Ndi mayi wamsinkhu wako, wamagalasi, wolankhula motsitsa mawu. Anapempha kuti aone zimene ndalemba. Ndinamupatsa pepala limodzi: mutu, dzina langa, ndi ndime imodzi. Analiwerenga, kenako analitembenuza kuti aone ngati kuseri kuli kanthu. Mwana wanga, kutembenuza kumeneko kunandipweteka kuposa mbama.

Anandiuza kuti njira zilipo ziwiri. Angandipemphere milungu isanu ndi umodzi yoonjezera, mpaka pa 30 mwezi uno, koma ndisachoke pakoleji ngakhale tsiku limodzi. Apo ayi, ndidzabwereze chaka chamawa. Koma ukudziwa kuti tchuthi chimene anandipatsa kuntchito chikutha chaka chino, ndipo sadzandipatsanso china. Ndiye kuti zaka ziwiri zimene bambo ako akhala akudziphikira okha zipita m'madzi.

Kenako anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Mayi, chikukuopsani n'chiyani?"

Ndinalira ngati mwana wa kalasi yoyamba. Ndinamuuza chimene sindinauzepo munthu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikuchonga makope a ana a eni ndi cholembera chofiira. Ndakhala ndikuwakalipira kuti ntchito ya lero si ya mawa, ndipo iweyo unazimva kwambiri kuposa onse. Tsopano ndinkaopa kuti ndikalemba, tiana tophunzira bwinoti tiona kuti mayi uja m'mutu mulibe kanthu. Pamene sindinalembe, palibe akananena kuti ndalemba zolakwika.

Nditatuluka mu ofesimo ndinakalongedza chikwama. Ndinati zisiyeni zikhale, ndikupita kwa mwana wanga.

Pageti ndinakumana ndi mnzanga wina, namwino wamsinkhu wanga, mayi wa ana asanu, amenenso anabwerera kusukulu atakula. Timadyera tebulo limodzi chifukwa tonse sitimva nyimbo za atsikanawa. Ataona chikwama anandiimitsa, ndipo ndinamufotokozera zonse tili chiimire. Sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono. Anati, "Kuchipatala azamba aliko, mwanayo abadwa kaya mulipo kaya mulibe. Koma kafukufukuyu mzamba wake ndinu nokha."

Ndinamukwiyira. Ndinamufunsa ngati iye angasiye mwana wake akubereka koyamba. Anayankha kuti sakudziwa, koma chimene akudziwa n'chakuti ndikafika kwanuko ndili chimanjamanja, iwe udzadziimba mlandu moyo wako wonse kuti mimba yako inalanda amayi ako sukulu. Ndipo ankanena zoona, ine ndimakudziwa. Ananyamula chikwama changa yekha kubwerera nacho kuhositelo.

M'mawa mwake tinatulutsa katoni ija, ili fumbi lokhalokha, n'kupita nayo kulaibulale. Anandisankhira tebulo lapakona, loyang'ana khoma, kuseri kwa mabuku a zamalamulo amene palibe amawatsegula. Akuti ntchito yaikulu imamwedwa ngati mankhwala: m'mawa, masana ndi madzulo, maola awiriawiri, kaya ukuwafuna kaya sukuwafuna. Akutinso jakisoni amapweteka kwambiri ukamayang'anitsitsa singano. Foni yanga imakhala m'chikwama chake mpaka 5 koloko. Singano zolukira anandilanda. Pachitseko cha chipinda changa analemba kuti Amayi amaona odwala Loweruka lokha.

Tsiku loyamba ndinalemba theka la tsamba, zonyansa zokhazokha. Iye anaombera m'manja, akuti wodwala akameza supuni imodzi ndiye kuti wayamba kuchira. Lachiwiri ndinalemba masamba awiri. Lero ndili pa tsamba 26. Mphunzitsi uja wandibwezera mutu wachitatu uli wofiira ngati wavulala, koma pansi pake walemba kuti zikuoneka kuti wolemba anakhaladi ndi ana m'kalasi. Mawu amenewo ndawawerenga kambirimbiri.

Chimene chimandiluma n'chakuti ntchitoyi si yovuta monga ndinkaiopera. Ndikanalemba tsamba limodzi lokha patsiku, bwenzi pano ndili pakhomo panu ndikukuchapira matewera atsopano. Nthawi imene ndinkaiba ndinkayesa kuti ndikubera mphunzitsi, osadziwa kuti ndikubera iwe.

M'makope muja muli kamtsikana kamene kamatembenuza "b" ndi "d" monga unkachitira iwe. Nditafika pa kope lakelo ndinakhala nthawi yaitali chala chili pa zilembozo. Ndakusowa, mwana wanga. Ndasowa phokoso lako, ndasowa ngakhale mwano wako.

Bambo ako ndawauza kale. Anati ndimalize chimene ndinapitira, iwo sanafe ndi njala. Mayi ako aang'ono avomera kubwera kwanuko pa 8, ndipo akhala mpaka ine nditafika. Amalankhula kwambiri, upirire, koma manja awo ndi ofewa kuposa anga. Chikwama cha kuchipatala ulongedzeretu sabata ino, usatengere amako. Amuna ako uwauze kuti zikangoyamba aimbe, kaya ndi nthawi yanji. Namwino uja walonjeza kuti akaona nambala yawo pafoni yanga, adzandibweretsera chothamanga. Mwanayo akangolira, wina aike foni pafupi ndi kakamwa kake kuti ndimve.

Pamene iwe unkabadwa, amayi anga, agogo ako, anafika patatha masiku asanu ndi anayi, chifukwa ankadwazika agogo ako aamuna. Chifukwa chawo chinali chomveka kuposa changachi, komabe ndinawasungira chakukhosi zaka ziwiri zathunthu. Choncho sindikupempha kuti usakwiye. Kwiya, ndi ufulu wako. Ndikungopempha kuti pa 31 ndikadzagogoda, udzanditsekulire, undipatse mwanayo m'manja, ndiye uzindikalipira ndili naye pachifuwa.

Mulungu akufungatire pa tsiku lakolo, akupatse mphamvu ndi azamba a mtima wabwino. Undiperekere moni kwa amuna ako, kwa apongozi ako, ndi kwa mlongo wako akabwera kudzakuona. Wam'mimbayo umusisite, umuuze kuti agogo ake akulemba.

Ine amako,
mwana wasukulu wochedwa.