Pensulo m'buku la a Hanif

Lolemba, 9 Malichi 2009
Mayina atuluka. Loweruka ndikumana ndi Halimatu, ine zakuda. Wopambana ndiye atenga malo omaliza mu timu ya chesi ya amayi yopita ku Lusaka. Zaka zitatu ndikuwasowa malo amenewa. Nditaweruka ndinathamangira ku Limbe, kusitolo ya a Hanif. Andibwereka kabuku ka oyamba kumene, kophunzitsa difensi ya Fulenchi, kayambidwe ka wosewera zakuda. "Masiku awiri basi, a Bertha. Wina akukafunanso."

Lachiwiri, 10 Malichi
Kuofesi kabuku pamwendo, kunsi kwa desiki. Njira zilimo zinayi, mutu wangawu walola imodzi. Ndakopera m'kope masitepe khumi ndi awiri.

Lachitatu, 11 Malichi
Ndabweza. Ndikutuluka m'sitolo, Halimatu akulowa. Wina uja ndi iyeyo! A Hanif akuseka: "Ine sindisankha, nonse ndinu anga."

Lachinayi, 12 Malichi
Mayo ine. Ndakumbukira ndili m'minibasi pa Chichiri, mpaka kondakitala kundifunsa ngati ndadwala. Pensulo! Sindinafufute. Tsamba 31 ndinadula mizere, n'kulemba m'mbali: "IYI. Hatchi ibwerere d7, H. sapirira." Ngakhale mwana angadziwe H. ndi ndani. Manyazi ndi mantha, sindikudziwa chachikulu n'chiti.

Lachisanu, 13 Malichi
Ndayesa kukumbukira njira zina zija. Zikusakanikirana ngati nyemba ndi miyala. Chakudya chakanika.

Loweruka, 14 Malichi
Halimatu anakhala pansi osandiyang'ana. Ndinasewera njira yanga yomweyo ya tsamba 31, ndilibe ina. Hatchi itabwerera d7 anadzutsa mutu n'kundiyang'anitsitsa. Ndinati basi, ndathera pano. Koma anaganiza mphindi makumi atatu, wotchi yake ikungodya nthawi. Kenako anakankha poni, kamsilikali, msanga, pakati pa bolodi panatseguka. Sitepe 34 anagoneka mfumu yake, kuvomera kuti wagonja.

Panja anandipeza ndikumwa madzi.
"Zolemba zanu zija ndinaziona," anatero. "Ndinati Bertha ndi wochenjera, walemba dala kuti andisocheretse. Ndinakonzekera zitatu zinazo."
"Ndinangoiwala kufufuta, achemwali."
Anaseka, misozi ili m'maso, n'kunyamuka kukakwera minibasi ya ku Chinyonga.

Ndinatsala pageti ndekha. Mlembi wa mpikisano anatuluka ndi fomu m'manja, akufunsa ngati pasipoti ndili nayo.