Mango a Mkamwini

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YA ANKHOSWE
Mudzi wa Likwakwa, kwa Nsamala, Balaka, m'boma la Machinga

Tsiku: Loweruka, 10 Disembala 1983
Malo: Pansi pa mtengo waukulu wa mango, pomwe komiti imakumanira nthawi zonse

Opezeka: A Usumani Chindamba (Wapampando), a Lucius Mwaliwa (Mlembi), a Samson Likaka (a nthambi ya chipani), Mayi Gladys Muhiwa, Abiti Swaibu.
Oitanidwa: Dr. Yoram Namakhwa, a Sufiyani Ajasi.
Osapezeka: A Willard Chikoko, omwe anatumiza mawu kuti mwendo watupa, ngakhale anaonedwa akupalasa njinga chakumsika.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 9 koloko m'mawa, ndipo Mayi Muhiwa anapemphera. A Likaka anaona makadi a chipani, onse anali nawo. Dengu la mango ogwa mumtengowu linaikidwa pakati monga mwa chizolowezi.

2. Chiyambi cha nkhani

Wapampando anapempha Mlembi kuti afotokoze, ponena kuti iwo mawu awaphwa.

Mlembi anakumbutsa komiti kuti Dr. Namakhwa ndi mwana wa mudzi uno, yemwe anamaliza maphunziro a udokotala wa zamalamulo kunja. Yunivesite ina yakunjako inalengeza mwayi wa kafukufuku wa zaka ziwiri kwa omwe anamaliza kale udokotala, pa malamulo a pakati pa munthu ndi mnzake, monga umwini wa katundu ndi mapangano. Dr. Namakhwa anasankha funso loti: mkamwini akadzala mitengo kwa mkazi wake, mkaziyo n'kumwalira, mitengoyo ndi ya yani? Mu Ogasiti anapempha kuti adzaonerere komiti ikuweruza mlandu weniweni wa mtundu umenewu.

Komiti itakumana payokha, a Likaka anachenjeza kuti zolembedwa kunja zimabwerera kuno, ndipo mudzi womwe ungaipitse dzina la dziko udzadziwa chomwe chidzauonekere. Popeza aliyense akudziwa kuti kuno mkamwini wosudzulidwa amachoka ndi bulangete ndi khasu basi, anagwirizana zokonza mlandu wa sewero wokhala ndi mathero okoma. A Sufiyani Ajasi a ku Chikweo, omwe akazi awo anamwalira chaka chatha, anasankhidwa kukhala wodandaula chifukwa sanafunike kuphunzitsidwa mawu. Malemuwo anali mlongo wawo wa Wapampando. Wapampando anakana kusewera mlamu wouma mtima, nasankha kukhala woweruza, choncho mbali ya mlamu inagwera Mlembi, yemwe anthu anati anaichita bwino kwambiri. Chigamulo chinali chakuti a Sufiyani azithyola ndi kugulitsa mango a mitengo yomwe anadzala mpaka imfa yawo.

Dr. Namakhwa analemba zonsezi natumiza ku yunivesite, ndipo yunivesite inawasankha chifukwa cha mlandu womwewu.

3. Dandaulo la a Sufiyani Ajasi

A Sufiyani anati mango atapsa anabwera kuchokera ku Chikweo ndi madengu awiri panjinga. Adzukulu a Wapampando anawatsitsa mumtengo, nawauza pamaso pa anthu kuti zija zinali zocheza. Anati Dr. Namakhwa anamva nkhaniyi kwa ana asukulu, omwe akuiimba kale nyimbo.

Wapampando anafunsa ngati a Sufiyani sanauzidwe poyamba kuti ndi sewero. A Sufiyani anavomera, nati: "Munandiuza ndithu, alamu. Koma mitengo ndinatchula ija ndi yanga yeniyeni, misozi ija inalinso yanga. Inu munagamula mutavala chisoti, anthu akumva. Wallahi, ndikulumbira, ine ndinayesa Mulungu wakulowani pakati pa sewero."

Abiti Swaibu anaseka, kenaka anapepesa.

4. Mawu a Dr. Namakhwa

Dr. Namakhwa analankhula ataimirira ngakhale anapatsidwa mpando. Anati mwambo wa kuno sanabwere kudzauphunzira kwa komiti, chifukwa anauona ali mwana tsiku lomwe bambo awo anaperekezedwa kumsewu wa ku Ntaja mayi awo atamwalira. Anati chomwe anabwerera chinali kudzaona ngati zinthu zinasintha, ndipo tsiku la mlandu lija anatuluka m'bwalo msanga kuti anthu asaone kuti akulira ndi chimwemwe.

Apa Mlembi analemba tsiku la msonkhano kachiwiri pamwamba pa pepala.

Dr. Namakhwa anapitiriza kuti mphunzitsi wamkulu wa ku yunivesiteko adzabwera m'chilimwe kudzacheza ndi a Sufiyani ndi kuona mitengo. Iwo sangamange ntchito ya zaka ziwiri pa bodza, choncho akonzeka kulembera yunivesite kuti mwayiwo aupereke kwa wina.

A Likaka anati palibe chifukwa chothamangira, mlendoyo akadzabwera sewero likhoza kubwerezedwa, popeza aliyense mbali yake akuikumbukira. Anawonjezera kuti iwo anachita izi poteteza mudzi komanso Dokotala yemwe, ndipo anthu ena anasowa chifukwa cha zolemba zazing'ono kuposa izi. Palibe anatsutsa mfundo yomalizayi, koma palibenso anathandizira ganizo lobwereza.

5. Zokambirana

Mayi Muhiwa, omwe ndi mng'ono wa mayi ake a Dokotala, anati: "Iyayi, a Likaka, manyazi omwewa atikwana. Tanamiza mwana wathu yemwe, ngati mlendo wogula thonje. Chigamulo chija tinachipeka tokha, palibe anatibweretsera kuchokera ku Zomba. Ndiye kuti chabwino timachidziwa, timangochisungira alendo ngati mbale za m'kabati. Bwanji tingochichita?"

Wapampando anati mayiwa akulankhula mosavuta chifukwa mitengoyo si ya mbumba yawo. Anati akavomera, akamwini onse a m'mudzi muno adzuka mawa akuwerenga mitengo, ndipo alongo awo sadzawapatsanso ngakhale madzi akumwa. Abiti Swaibu anayankha kuti akamwini akadziwa kuti mitengo ndi yawo mwina adzayamba kudzala, m'malo mogona pamphasa kudikira kusudzulidwa.

Wapampando anafunsa Dokotala ngati malamulo omwe anaphunzira amamanga munthu pa mawu onena posewera. Dr. Namakhwa anayankha kuti: "Wapampando, mabuku ambiri amati ayi. Koma munthu wakwera njinga kuchokera ku Chikweo chifukwa cha mawu anuwo. Funso limeneli mabuku sanalimalize, ndipo likhoza kundikwanira zaka ziwiri. Koma yankho la lero lili ndi inu."

Wapampando anavula chisoti, nachiyang'ana mkati, nachivalanso. Anati mlongo wawo ali moyo sankalola munthu kunyoza mwamuna wake, ndipo iwo akuchita manyazi kuti chilungamo anachikwanitsa pa tsiku limodzi lokha lomwe ankanama.

6. Zomwe zagwirizanidwa

(a) Chigamulo cha mu Ogasiti chikhale chenicheni kuyambira lero. Wapampando akaperekeza yekha a Sufiyani kumitengo ndi kugwira makwerero.
(b) Dr. Namakhwa asabweze mwayi wawo. Akauze yunivesite zoona zonse, za sewero ndi za lero zomwe.
(c) Popempha a Likaka, dzina la mudzi lisinthidwe m'zolemba za kunja. A Likaka sanakweze dzanja pa (a) ndi (b), koma sanatsutse.

7. Zina ndi zina

Abiti Swaibu anadandaula kuti mango a m'dengu palibe wawakhudza ndipo ntchentche zayamba. Anatenga limodzi napatsa Dokotala. Dr. Namakhwa analilandira ndi manja awiri, nafunsa ngati komiti ikukumbukira yemwe anadzala mtengo womwe yakhala pansi pakewu.

Mayi Muhiwa anaphimba nkhope ndi chitenje.

Mlembi anauzidwa kuti alembe kuti mtengowu unadzalidwa ndi a Namakhwa aakulu, bambo ake a Dokotala, omwe ali moyo ku Ntaja ndipo sanalaweko chipatso chake chichokereni muno. Wapampando analamula kuti dengu limangidwe panjinga yawo, apite nalo ku Ntaja.

8. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka, 7 Januwale 1984. Malo adzadziwika Wapampando akabwerako ku Ntaja, komwe akapemphe chilolezo kwa mwini mtengo.

Msonkhano unatsekedwa 12 koloko masana. Pemphero lotsekera linaiwalika.

Usumani Chindamba, Wapampando ....................
Lucius Mwaliwa, Mlembi ....................