Kadontho Kofiira pa Bawuti

Lolemba, 14 Okutobala

Kalata ya mwini magalaja. Akuphwasula mzere wonse kuseri kwa njanji ku Govanhill, katundu achoke pofika pa 31. Alamu, a Nelia, aijambula n'kunditumizira pa foni. Pansi pake mawu ochepa: "Kachotseni chinthu chanu chija. Ine sindikapondako."

Chinthu chathu. Dzina lake safuna kulitchula. Chiwala. Kagalimoto kobiriwira, mipando iwiri, kopanda denga, kopanda zitseko. Kanabwera m'makatoni khumi ndi anayi. Ine ndi amuna awo, achimwene a Goodwell, tinakamanga zaka zitatu, Loweruka ndi Loweruka, zala zili gwa ndi chisanu. Si achimwene a bere limodzi, koma kuno ku Glasgow munthu amene anakuchingamira pa siteshoni atanyamula jekete ndiye mbale wako.

Chichitikire ngozi ija mu Epulo sindinatsegule galajalo. A kubwalo lothamangitsira magalimoto anabweretsa chotsalacho pa ngolo, ndinafunditsa lona, ndinakhoma. Miyezi isanu ndi umodzi. Kiyi wake ali pamodzi ndi wa pakhomo panga, ndimamukhudza kawiri pa tsiku.

Lachitatu, 16 Okutobala

Kokaona achimwene kuchipatala nditaweruka. Anenepako kumaso. Dzanja lamanja layamba kugwira supuni. Amatidziwa tonse, nyimbo za kutchalitchi amaimba osaphonya, koma tsiku lawo ndi limodzi: Loweruka lija m'mawa, tisananyamuke. Namwino Carol akuti mutu ukagunda chonchija zimatheka, nthawi imaima pomwe inaimapo.

Ndisanakhale n'komwe pansi, funso lija: "Penjani, wayesa onse?"

Ine: "Onse, achimwene."

Mtima wawo pansi. Kenako za mitambo, ngati bwalo likakhale louma.

Lamulo linali lawo. Wina amanga bawuti, wina ayesa ndi sipanala yoyezera, ija imalira kuti tha! bawuti likakwana. Woyesayo ndiye adontheza kadontho ka kyutekisi wofiira pamutu pake. Kadontho ndiye kuti padutsa anthu awiri. "Nkhani ya mboni imodzi siima," ankatero. Mkulu wa mpingo mpaka pansi pa galimoto. Kyutekisiyo anali wa alamu, anatipatsa akuseka, ati azibambo andevu ayamba kupaka zitsulo zikhadabo.

Ndawerengetsera m'basi pobwera. Kawiri pa sabata, masabata makumi awiri chitsitsimukire iwo. Ndayankha kuti "onse" maulendo makumi anayi.

Sindinayese onse.

Lachisanu, 18 Okutobala

Shifiti ya m'mawa, msewu wa ku Partick. Ndisanatulutse basi ndazungulira matayala katatu, kugwira nati iliyonse ndi dzanja. Anzanga akuti ndikufuna ukapitawo.

Ndilembe kamodzi, zichoke m'mutu zikhale papepala.

M'mawa uja achimwene anaika mabuleki atsopano matayala onse anayi, n'kupita kukatenga ngolo. Ine kuyesa. Kumbuyo konse, tha! tha! Kutsogolo kumanja, tha! tha! Ndikufika kutsogolo kumanzere, foni. Mlongo wanga ku Mzuzu, za malata a amayi amene anasasuka ndi mphepo. Foni pa khutu, sipanala pansi, kabotolo m'dzanja. Ndinayang'ana mabawuti awiri ogwira buleki aja. Mumtima ndinati, a Goodwell Zangaphee sasiya bawuti losamanga, chiyambire sindinawapezepo n'kamodzi komwe. Ndinadontheza. Kamodzi, kawiri. Ndinabwezera tayala.

Kubwalo anayamba ndi iwo, poti ndi aakulu. Ulendo wachisanu ndi chimodzi wozungulira, kona yakuthwa ya kumunsi. Chiwala sichinachepetse liwiro. Ndinali pa mpanda, chipewa changa choteteza mutu m'manja, kudikira nthawi yanga.

Aliyense akuti anachedwa kuponda buleki. Ine sindinatsutse. Mwina n'zoona. Mwina anamangadi ndipo kadontho kanga sikanawononge kanthu. Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikudya "mwina" ameneyu, sakukhutitsa.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndatsegula.

Fungo lomwe lija: oyilo, mphira, chinyezi. Kalendala ikadali pa Epulo. Makapu awiri pa shelefu, mu yawo mwamera nguwi. Ovololo yawo pa msomali, mawondo akadali otukumuka ngati muli munthu.

Lona ndavundukula theka lakumbuyo lokha. Kumbuyo kulibe ngakhale kokalika. Mpando wa woyendetsa uja tinaumba ndi thovu louma, iwo atakhalapo mphindi makumi awiri osagwedera kuti utenge msana wawo. Ulipo, ndi mapewa awo, ndi phewa lamanzere lotsika lija. Ndaika kapu yanga pamenepo, ndaichotsanso msanga.

A Rowland a galaja loyandikana, mzungu wokalamba, makaniko wopuma, asuzumira. Akuti akudziwa munthu wogula zitsulo zakutha zokasungunula, abwera ndi lole pa 29. Afunsa za mnzanga. Ndati akupeza bwino. Amatero munthu.

Ndayamba kumasula kumbuyo. Bawuti lililonse ndikuyamba ndaliyesa kaye, ngati pali amene wandituma. Tha. Tha. Onse okwana. Madontho ofiira mbwee, zaka zitatu za Loweruka. Ena ndi awo, aang'ono, ozungulira bwino. Anga aakulu, otayikira m'mbali. Ankandiseka kuti ndimadontheza ngati nkhuku.

Ndikukhoma chitseko, kumbuyo kwanga m'katimo: tha! Malata akuzizira, basi. Koma ndinayenda mwachangu mpaka pa siteji.

Lamulungu, 20 Okutobala

Kutchalitchi atipempherera monga mwa masiku onse. Pa tiyi mayi wina, osadziwa kuti ndili kumbuyo kwake: "Bambo wamkulu, zaka makumi asanu ndi zinayi, kukwera bokosi la maliro lamatayala." Anzake kuvomereza. Ndinamwa tiyi wanga.

Masana kwa achimwene, pamodzi ndi alamu. Amawasinthira zovala, amawameta ndevu, amawapukuta pakamwa. Zonse mwadongosolo. Koma dzanja lawo sawagwira. Lero ndiye ndaonetsetsa. Achimwene akatambasula dzanja pa bulangete, alamu amapeza chopinda.

Funso lija. Yankho lija. Alamu anali pa windo.

Pa siteji ya basi anayankhula osandiyang'ana: "Ndinawauza kuti liwiro ndi la anyamata. Anandilonjeza kuti sapitirira muyezo. Ananama, alamu. Ndimawasamala chifukwa ndinalumbira pa guwa, koma kukhululuka kukundikanika."

Zikhadabo zawo zoyera, zoduliratu. Kale munthu unkawadziwira patali ndi zofiira zija.

Ndinangoti pepani. Anayesa ndikuwapepesa mwa masiku onse.

Lachinayi, 24 Okutobala

Ketulo ikazima, tha. Lamba wa pampando, tha. Ndodo ya agogo ena m'basi tikudutsa pa Gorbals, tha, mpaka ndinaponda buleki pachabe, anthu kugwa chamtsogolo. Mmodzi wanditukwana bwino lomwe. Anali ndi chifukwa.

Dzulo ndinapita kwa achimwene. Makumi anayi ndi awiri.

Injini ndatsitsa, a Rowland akuti pali wina akuifuna. Atenge. Mbali ya kumanja ndamaliza. Kwatsala kona imodzi pansi pa lona. Ndasesa galaja kawiri, ndasanja masipanala potsata kukula kwake, ndatsuka ngakhale makapu. Ntchito zonse za munthu wothawa ntchito.

Loweruka, 26 Okutobala

Kutsogolo kumanzere.

Tayala lopindikira m'kati, zitsulo zokhota ngati nzimbe zotafuna. Ndinakwezera pa jeke, ndinamasula tayala. Tochi.

Bawuti lapamwamba kulibe. Ndinapemphera kuti likhale lothyoka, chifukwa lothyoka pa ngozi limasiya chitsa m'bowo. Ndinalowetsa chala. Bowo lopanda kanthu, mazinga osalala bwinobwino. Silinathyoke. Linadzimasula lokha pang'onopang'ono, kona ndi kona, mpaka kugwa.

Lapansi lilipo. Sipanala sindinaigwire n'komwe. Zala ziwiri, linazungulira ngati chotsekera botolo. Pamutu pake kadontho kanga, kakakulu, kotayikira m'mbali.

Ndiye kuti anaponda buleki pa nthawi yake. Anaponda, phazi linangolowa.

Iwo anaiwala kumanga poti ankadziwa kuti Penjani ayesa. Penjani sanayese poti ankadziwa kuti iwo saiwala. Lamulo lonse lija analiikira tsiku limodzi lokha, tsiku limene iwo adzaiwale, ndipo tsikulo litafika ine ndinali pa foni.

Sindikudziwa ndinakhala pansi nthawi yaitali bwanji. A Rowland anandipeza choncho. Anayang'ana bowo, anayang'ana bawuti m'dzanja langa. Zaka makumi anayi pa ntchito imeneyi, sanafunikire kuuzidwa. Anachotsa kapusi, anakanda mutu. M'Chingerezi chawo chakuno chomeza mawu: "Lole ikubwera Lachiwiri, mwana wanga. Ng'anjo siifunsa mafunso."

Amafuna kundichitira chifundo. Ndinawathokoza.

Lamulungu, 27 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi. Sindinapite kwa achimwene. Ndalembera alamu kuti chimfine.

Bawuti lili pa tebulo pafupi ndi shuga. Ndikanatha kuliponya mu mtsinje wa Clyde, mphindi khumi kuyenda pansi. Ndinavala nsapato kawiri.

Ndikanena, nditaya nyumba yokhayo imene ndimalowa osagogoda m'dziko lino. Kumpingo ndiye osanena. Ndikapanda kunena, alamu apitiriza kupinda mabulangete mpaka mmodzi wa iwo adzaikidwe m'manda. Ndipo mwini wakeyo sangadziteteze, sakudziwa n'komwe kuti pali mlandu.

Amayi amati mlandu suola. Ndinkayesa amanena za kubwalo la milandu.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Lole yabwera, yapita. Mphindi makumi atatu. Zaka zitatu. Mpando uja ndinakaniza, kenako ndinasowa kouika, ndinauthamangitsira pa geti. Anauponya pamwamba, unapita utakhala tsonga, ukuyang'ana kumbuyo.

Ndatsala ndi sipanala yoyezera ndi kabotolo ka kyutekisi, kouma gwa.

Palibenso umboni pa dziko lapansi kupatula chili m'thumba langali. Ndinayesa ndimva kupepuka.

Madzulo foni ya alamu. Akuti Lamulungu achimwene sanadye. Aliyense wolowa pakhomo ankamufunsa za Penjani, mpaka oyeretsa. Ankafuna kudzuka, ati sanganyamuke Penjani asanayankhe. Alamu anayesa kuwayankha okha kuti wayesa onse. Iwo akuti: "Iwe Nelia sunagwire sipanala. Amene anayesa ndiye anene."

"Bwerani mawa, alamu, chimfine kapena ayi. Mawu anu okha ndi amene amawakhulupirira."

Lachitatu, 30 Okutobala

Ndikulembera m'galaja, pa kreti. Mulibe kanthu, banga la oyilo pansi basi. Kunja kukadali kowala pang'ono.

Kwa achimwene ndinafika cha m'ma thuu. Alamu anali pa windo ndi thaulo m'manja. Achimwene atandiona nkhope yonse inamasuka. "Wabwera! Penjani, wayesa onse?"

Mawu aja anali kale pa lilime, azolowera njira. Ndinatulutsa bawuti, ndinaliika pa bulangete.

Ndinati ayi, achimwene. Kutsogolo kumanzere sindinayese. Awiri a buleki. Ndinadontheza osayesa, ndinali pa foni. Limodzi linagwa, lina ndi ili. Munaponda buleki pa nthawi yake, buleki ndiyo kunalibe.

Ndinanena moyang'ana iwo, koma ndinkauza a pa windo.

Alamu anabwera pang'onopang'ono. Anatola bawuti, analitembenuza, anaona kufiira kuja. Akukudziwa, n'kwawo. Anakanda ndi chikhadabo, sikunachoke. Funso limodzi lokha: "Mwadziwa liti?" Ndinati za bawuti, Loweruka lapitali. Za kadontho, kuyambira tsiku la ngozi lomwe lija.

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anakhala pa bedi, chondifulatira, n'kutenga dzanja la amuna awo ndi manja onse awiri. Mapewa akugwedezeka. "Bambo a kwathu, bambo a kwathu," basi.

Achimwene anadabwa nawo, kenako anabwerera kwa ine. Tsinya lija la pansi pa galimoto, la munthu amene akuwerengetsa. Ndinadikira chilichonse. Ndinali wokonzeka.

Anamwetulira.

"Wachita bwino kunena, mphwanga. Ukanandipha. Thamanga ukamange, nthawi ikadalipo. Sitinanyamuke."

Ndinatuluka. Sindikukumbuka basi imene ndinakwera. Ndangozindikira ndili pano, kiyi m'loko, sipanala m'dzanja, ndaitchera kale pa muyezo wake wa mabawuti a buleki, ndagwada kutsogolo kumanzere kwa banga la oyilo

akuti nthawi ikadalipo