Maselo a Malemu Chiphaniphani

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA OPHUNZIRA A CHAKA CHACHINAYI, GAWO LA SAYANSI YA MASELO NDI MAMOLEKYU

Tsiku: Lachitatu, pa 19 Novembala
Malo: Kachipinda komwera tiyi, koyandikana ndi labu ya maselo
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana

Opezeka: Wapampando; Msungichuma; Mlembi; Adokotala, mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wathu; Bambo a Makiyi, oyang'anira labu.

Osapezeka: Oimira kalasi awiri, amene anapepesa kuti akumalizitsa malipoti awo. Wachiwiri kwa Wapampando, yemwe tonse tinkamutcha Chiphaniphani, anamwalira kumayambiriro kwa mwezi uno atadwala kanthawi kochepa. Mlembi sanapeze mutu wina womuyenera, choncho wamulemba pano.

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Wapampando analonjera onse ndipo anapempha kuti tikhale chete pang'ono pokumbukira malemu. Msungichuma anaika chikwama chake pa mpando wa pazenera, umene malemu ankakhalapo, kenaka anachichotsapo n'kuchiika pansi.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anaziwerenga. Munali dandaulo la malemu lakuti ena amasiya mapipeti, timachubu toyezera madzi, paliponse akamaliza ntchito, komanso mawu ake akuti mabakiteriya a Msungichuma amanunkha ngati sokosi za osewera mpira. Msungichuma anati pa nthawiyo anapempha kuti mawuwo afufutidwe, koma tsopano pempholo walibweza. Zolembedwazo zinavomerezedwa popanda kusintha.

3. KUTSEKA LABU PA TCHUTHI

Bambo a Makiyi anakumbutsa komiti zimene timachita chaka chilichonse. Pofika Lachisanu lomaliza tisanatsekere, aliyense amathira kolorini m'mabotolo ake kuti maselo afe, ndipo kabati yofunditsa maselo imazimitsidwa n'kutsukidwa. Anati mashelefu onse ayera kale kupatula la pansi, pamene pali mabotolo atatu a malemu.

Kuti odzawerenga m'tsogolo amvetse, Adokotala anafotokoza kuti malemu ndi Mlembi ankachita kafukufuku mmodzi, popeza m'gawo lathu timagwira ntchito awiriawiri. Malemu anakwanitsa kulowetsa m'maselo jini, kachidutswa ka malangizo achibadwa, yowachititsa kuwala mobiriwira akaunikidwa pa maikulosikopu m'chipinda chamdima. Anavutika nayo ntchitoyi miyezi yambiri, ndipo tsiku limene maselo anawala koyamba ndi limene anapatsidwa dzina lija.

Bambo a Makiyi anati ankayembekezera kuwapeza maselowo atafa, chifukwa madzi owadyetsera amasanduka achikasu akakhala osasinthidwa. Koma nthawi zonse akatsegula kabati amapeza madziwo ali ofiirira, atsopano. Anafunsa kuti akuwadyetsa ndani, ngakhale pofunsapo anali atayang'ana kale kwa Mlembi.

Mlembi anati ndi iyeyo. Anati maselowo palibe anawauza za maliro, akupitiriza kugawikana, ndipo botolo likadzaza pamafunika wina wowasamutsira m'botolo lina.

Adokotala anakumbutsa lamulo lakuti wophunzira asagwire ntchito mu labu ali yekha, chifukwa muli gasi, moto ndi mankhwala oopsa, ndipo munthu akagwa pamafunika womuona. Anafunsa Mlembi kuti amalowamo ndi ndani. Mlembi anati lamulolo amalidziwa, moti tsiku loyamba anaima pakhomo kanthawi ndithu, makiyi ali m'manja, kudikira mnzake monga mwa chizolowezi. Adokotala sanapitirize funsolo.

4. CHOCHITA NAWO MASELOWO

Wapampando anati nkhaniyi ithe lero, chifukwa Lachisanu lotsekera ndi mkuja.

Msungichuma anati maselowo athiridwe kolorini ngati ena onse. Anapempha kuti mawu ake alembedwe momwe anawanenera: "Aise, ndikulankhula ngati mnzako. Amene ali m'botolomo si iyeyo. Maselo amenewa sukulu inachita kugula, sanachoke m'thupi mwake. Ine mabakiteriya anga ndinawapha dzana, ndipo ndinagona bwinobwino." Wapampando anamupempha kuti afewetseko mawu. Msungichuma anati mawu ofewa alibe, koma kumaliro anapita, ndipo bokosi anasenza nawo.

Mlembi anavomereza kuti maselowo si malemu. Anati komabe kuwalako malemuyo anakuikamo ndi manja ake, ndipo pa zonse zimene malemu anayamba, ndi chokhachi chimene chikupitirirabe. Anapempha kuti kabati ija isazimitsidwe, ndipo anadzipereka kutsala pasukulu tchuthi chonse kuti aziwadyetsa. Anati sakufuna womuthandiza ntchito ayi, akungofuna munthu wokhala pa mpando wa pakona, kaya akuwerenga buku kaya akuseweretsa foni, kuti lamulo la awiriawiri lisaphwanyidwe.

Wapampando anafunsa ngati alipo angatsale. Iye mwini anati wapeza malo ophunzirirako ntchito mumzinda wina ndipo ayamba Lolemba. Msungichuma anati bambo ake amudikira kusitolo, ndipo akapanda kupita adzamvera pafoni kuti salinso mwana wawo. Bambo a Makiyi anati akupita kutchuthi chifukwa mayi a kunyumba akukachitidwa opaleshoni. Oimira kalasi anatumiziridwa uthenga msonkhano uli mkati. Foni inaonetsa kuti auwerenga, koma sanayankhe.

Wapampando anafunsanso kachiwiri.

Adokotala anati ngakhale munthu akanapezeka, iwo sakanalola. Anati: "Mwana wanga, sindingakusiye m'chinyumba chino tchuthi chonse, makonde ali zii, iwe ukudyetsa mabotolo. Pita kwanu, kuli anthu akukudikira." Mlembi anati n'zoona kwawo kuli anthu, koma kulibe aliyense amene ankamudziwa malemu.

Adokotala anapereka ganizo lachitatu: kuwagoneka maselowo m'thanki ya naitirojeni. Anafotokoza kuti amaikidwa m'kabotolo kakang'ono n'kuziziritsidwa pang'onopang'ono mpaka kuuma gwa, ndipo akhoza kukhala choncho zaka zambiri kufikira wina atawadzutsa.

Mlembi anati wawerenga zonse zimene laibulale yathu ili nazo pa nkhaniyi, ndipo mabuku onse, akale ndi atsopano, amagwirizana pa chinthu chimodzi: ena sadzuka. Anakumbutsa komiti kuti iye ndi malemu anayesa kawiri kugoneka maselo omwewa, ndipo maulendo onse awiri palibe selo limene linadzuka. Malemu ankafuna kuyesanso, kuziziritsa mofatsa kuposa kale, koma sanapeze mpata. Mlembi anafunsa ngati Adokotala angalonjeze kuti ulendo uno adzuka. Adokotala anati sangalonjeze. Mlembi anafunsanso ngati maselo ogonekedwa amawala. Adokotala anati m'thankimo simulowa kuwala kulikonse, ndipo palibe angawaone.

Bambo a Makiyi anati m'thanki malo alipo a kabotolo kamodzi. Anati Lachisanu adzachedwetsa ulendo wawo, adzakhala pa mpando wa pakona uja mpaka Mlembi atamaliza, ndipo sadzamufulumizitsa. Msungichuma anati ngati ndi choncho ganizo la kolorini walibweza, koma Bambowo asadzayambe nkhani zawo za mpira, maselo angafe ndi kutopa asanafike n'kuthanki komwe.

Wapampando anapempha kuti ovomereza akweze manja. Anayi anakweza. Mlembi sanakweze chifukwa ankalemba.

Chigamulo: Maselo a malemu agonekedwe m'thanki ya naitirojeni Lachisanu. Ntchitoyi aigwire Mlembi, pamaso pa Bambo a Makiyi. Otsala m'mabotolo athiridwe kolorini, ndipo kabati izimitsidwe.

5. ZINA NDI ZINA

(a) Wapampando anati mayi ake a malemu apempha chovala choyera cha mu labu cha mwana wawo, chimene chidakali pa msomali kuseri kwa chitseko. Bambo a Makiyi anati chovala cha mu labu sichituluka chisanaphikidwe m'makina a nthunzi ophera tizilombo. Msungichuma anafunsa ngati sichingaperekedwe momwe chilili, popeza m'kolala mudakali fungo la mafuta amene malemu ankadzola, ndipo mwina ndi zimene mayiwo akufuna. Bambo a Makiyi anati akumva, iwonso ndi kholo, koma sizingatheke. Anati adzachipinda okha bwinobwino.

(b) Chisankho cha Wachiwiri kwa Wapampando chinaimitsidwa mpaka sukulu itatsegulira. Palibe anafuna kutchula dzina.

(c) Bambo a Makiyi anati kabotolo kalikonse kolowa m'thanki kamalembedwa mtundu wa maselo, tsiku, ndi dzina la mwini wake. Anati thanki ikadzaza amafunsa eni ake mmodzimmodzi, ndipo kabotolo kopanda womufunsa kamatayidwa. Pa chifukwa ichi, Adokotala anati palembedwe dzina la Mlembi.

Mlembi anapempha kuti palembedwe mayina onse awiri. Bambo a Makiyi anatulutsa kabotolo kotere m'thumba n'kukaika patebulo. Ndi kochepa kuposa chala chaching'ono. Anati mtundu ndi tsiku zikalembedwa, malo otsala ndi a dzina limodzi, nalonso lolembedwa mopanikiza.

Mlembi anati adzalembapo dzina la malemu.

Adokotala anafunsa kuti nanga odzayeretsa thanki adzafunsa ndani, poti Mlembi naye chaka chamawa akhala atamaliza maphunziro n'kuchoka. Mlembi anapempha kuti zilembedwe m'zolembedwa zino kuti aliyense wodzapeza kabotolo ka dzina limenelo, chaka chilichonse, asadzakataye asanamufunefune Mlembi wa komiti ya chaka chino, ndipo iye adzabwera kudzayankha kulikonse kumene adzakhale. Bambo a Makiyi anati si mmene timachitira, koma sanatsutse. Komiti inavomereza, ndipo zalembedwa.

6. MSONKHANO WOTSATIRA

Udzachitika Lachitatu loyamba sukulu ikadzatsegulira, m'kachipinda komweka.

7. KUTSEKA

Popeza panalibenso nkhani ina, Wapampando anathokoza onse ndipo anatseka msonkhano nthawi ili 4 koloko madzulo. Mlembi anapempha chilolezo chokadyetsa maselowo komaliza. Adokotala analola, ndipo anati amuperekeza.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________